Chambai ndi Chisa cha pa Mkuyu

Chambai anabadwira m'nyumba yathu yaitali ya m'mbali mwa mtsinje, kuno kumtunda kwa Sarawak, momwe banja lililonse lili ndi khomo lake; lawo linali khomo lachisanu ndi chiwiri. Sukulu anailekera panjira. Ntchito yake inali yophikira alendo obwera kudzaona amayasi, anyani ofiira a m'nkhalango yathuyi. Ankabereka dengu la mpunga, mchere ndi nkhuku, ndipo akafika pogona ankadula nsungwi n'kuphikiramo nkhukuyo pamodzi ndi chigwada.

Wotsogolera alendo anali mlamu wake Nyanggau, mkulu wa mwamuna wake, bambo wolongolola, wodziwa Chingerezi. Koma maso anali a Chambai. Mayasi amamanga chisa chatsopano tsiku lililonse, pamwamba pa mtengo, n'kugonamo kamodzi kokha. Chambai akangoyang'ana chisa ankadziwa. Masamba akakhala obiriwira ndiye kuti mwini wake ali pafupi. Akafota, papita masiku atatu. Akauma, musadzivute.

Kale tinkamutchula kuti make Unting. Mwanayo anakhala ndi moyo miyezi isanu ndi inayi. Anatentha thupi nthawi ya mvula, mtsinje utakwiya moti bwato silikanatsika kupita kuchipatala, ndipo pamene madzi ankaphwa n'kuti mwana atapita. Anthu anabwerera ku dzina lake la pautsikana, pomumvera chisoni. Iye sanakane. Koma nsalu imene ankagonekamo mwana, yolendewera pa sipuling'i kumtanda wa denga, sanaitsitse. Mwamuna wake Gerinang atabwera kuchokera kuntchito ya m'minda ya kanjedza anafuna kuimasula, Chambai anangomugwira dzanja. A makomo oyandikana ankaimva sipuling'iyo ikulira dzuwa likuswa mtengo, kwii, kwii, mwini wake ali kumunda. Ankati nyumba yathu ndi yamatabwa, munthu akayenda kumapeto zonse zimagwedezeka. Ankatero.

Chaka chitatha, Chambai anapita yekha kumathithi kukathyola ndiwo. Pa mkuyu waukulu wa pamenepo anapeza mayasi wamkazi amene tonse tinkamudziwa, Wachipsera, yemwe anali atabereka posachedwa. Mwana anali pachifuwa monga mwa masiku onse. Koma mwana wa mayasi amagwira yekha ubweya wa mayi ake, ndipo uyu sankagwira. Mayi ndi amene ankamugwirizira ndi dzanja limodzi, kamkono kakulendewera. Wachipsera anatafuna nkhuyu, n'kuika pakamwa pa mwanayo. Nkhuyuyo inagwa. Anaingitsa ntchentche, n'kutafunanso ina.

Chambai anakhala pamwala mpaka miyendo kuchita dzanzi. Kunyumba sanauze munthu.

Mlungu wotsatira kunabwera alendo awiri a ku Canada, mayi wa imvi dzina lake Lorna ndi mwamuna wake. Lorna anali atamva za mayasi wokhala ndi khanda, ndipo Nyanggau anali atamulonjeza kale ali m'bwato.

"Alamu, awa tikawaonetse Wachipsera," anatero Nyanggau. "Ali mbali iti masiku ano?"

"Kumtunda kwa phiri," Chambai anayankha, akumanga dengu.

Anakwera phiri masiku awiri. Matope ankavula alendo nsapato. Misundu inawapeza ngakhale anavala masokosi ofika m'maondo, ndipo Chambai ankaichotsa ndi madzi a fodya. Ankawalozera zisa, zonse zouma. Lorna ankajambula zisazo, akupukuta magalasi ake ndi malaya onyowa kale, n'kumafunsa ndi ulemu ngati mawa zinthu zidzayende bwino.

"Mawa, mayi, mawa!" Nyanggau ankayankha m'Chingerezi, kenako n'kutembenukira kwa mlamu wake m'chinenero chathu. "Alamu, maso aja munawaphikira limodzi ndi nkhuku? Bambo uyu mimba yatha, akafika kwawo agalu ake sakamudziwa."

"Yanu bwanji siikutha?"

"Yanga ndi ya ntchito, ndimasungiramo Chingerezi."

M'mawa wa tsiku lachitatu, lomwe linali lomaliza, anatsikira pamene njira imagawikana. Ina imapita kubwato, ina kumathithi. Nyanggau anagwada pakamtsinje kuti asukusule. Pamadzi pankayandama nkhuyu zolumidwa mbali imodzi, zatsopano, zochokera kumathithi. Anatola imodzi, n'kuitembenuza, n'kuyang'ana Chambai. Nthabwala zinali zitamuthera.

"Alamu, izi mwana wakhanda akhoza kuziona. Mwatizunguza phiri lonse dala?"

"Eya."

"Ndakulakwirani chiyani ine? Anthu awa awoloka nyanja. Akapita osaona kanthu adzati Nyanggau ndi wabodza."

"Mwana wake anafa," Chambai anatero. "Akumunyamulabe. Lero ndi masiku khumi ndi limodzi chiwonereni ine."

Nyanggau anaponya nkhuyu ija m'madzi. Patsidya, Lorna anali atakhala pamuzu, kamera yaitali ili pamiyendo, akumwetulira poona kuti akukambirana zinazake.

"Komabe ndi mayasi," anatero Nyanggau chapansipansi. "Akhoza kuonera patali. Mayi uyu ndi munthu wabwino."

"Ndi wabwino, ndamuona. Adzalira. Akatha kulira adzajambula, chifukwa ndi chimene anabwerera. Kenako akaonetsa anzake akudya." Chambai anakonza lamba wa dengu pamphumi. "Tsiku lija munali pomwepo, alamu. Munandipeza pakhonde ndili ndi mtembo wa Unting m'manja, ndikukana kuti amayi amutenge. Pakanabwera munthu ndi kamera, mukanamulozera khomo langa?"

Nyanggau anayang'ana njira ya kumathithi nthawi yaitali. Mwamwayi kambalame kena kanalira m'tchire. Sikanali m'gulu la mbalame zija zimene akuluakulu amamvera asanayambe ulendo, kanali kambalame wamba kodya tizilombo. Koma Nyanggau anaimika dzanja, nkhope ili gwa, n'kuwoloka kukauza alendo kuti mbalame ya malodza yalira mbali yoipa, ndipo kwathu kuno ikatero munthu amabwerera. Aka kanali koyamba kuti aname ndi mwambo wa makolo ake, ndipo mawu ankamutuluka movutikira.

Mwamuna wa Lorna anang'ung'udza. Lorna anangoika kamera m'chikwama. Pabwato anagwira Chambai manja onse awiri n'kumuthokoza chifukwa cha nkhuku ya m'nsungwi, misozi ikulengeza m'maso. Chambai anayang'ana madzi.

Patatha masiku atatu anabwerera kumathithi yekha. Anamupeza Wachipsera ali pamtengo wina, kutsidya, akudya ndi manja onse awiri. Pachifuwa panalibe kanthu. Chambai anafufuza ndi maso mpaka anachiona, pamwamba penipeni pa mkuyu: chisa chofota, cha masiku atatu, chachikulu kuposa zonse zimene anaonapo, ntchentche zikuzungulira pamwamba pake.

Mtima unamuwawa ngati wapusitsidwa.

"Wamusiya?" anafuula. "Iwe! Milungu iwiri yokha basi wamusiya?"

Wachipsera anasiya kutafuna. Anamuyang'ana ndi maso aja ooneka ngati a munthu wotopa, osaphethira. Kenako anayang'ana kuchisa, n'kuyang'ananso Chambai. Anatambasula mkono wake wautali n'kugwira nthambi ina. Sanathawe. Anangosunthira patsogolo pang'ono, pamene ankaonabe mkuyu uja, n'kuyambanso kudya.

Chambai atafika kunyumba anapeza Nyanggau pakhonde akusoka ukonde. Nyanggau sanadzutse mutu.

"Make Unting," anatero, "mwawapeza?"

Chambai anaima phazi lili pamakwerero. Panali patatha chaka asanamve dzina limenelo pakamwa pa munthu.

"Ndawapeza. Wamugoneka."

Mlungu womwewo anatsitsa nsalu ija, anaichapa kumtsinje, n'kuipinda m'bokosi. Amaperekezabe alendo, ndipo chisa sachiphonya. Koma njira ya kumathithi sadutsitsako munthu, ngakhale mkuyu utabereka bwanji. Sipuling'i anaisiya pamtanda, yopanda kanthu. A khomo lachisanu ndi chitatu akuti masiku ena imalirabe.