Agogo ndi chidebe cha Oom Klaas

Fungo la polishi wa nsapato likangondipeza, ngakhale ndili m'kalasi, ndimaona agogo anga aamuna, a Daka, atakhala pakhonde la nyumba yathu ku Pamodzi, komboni ya ku Ndola, Loweruka masana, nyuzipepala yakale atayala pamiyendo, mbaula ikufuka chapafupi chifukwa makala a nthawi ya dzinja amavuta kuyaka, wailesi ikulira mokweza mpaka a m'nyumba yachitatu kumamva nawo nkhani, iwo akupukuta nsapato zawo zakuda za kutchalitchi pang'onopang'ono ngati akusambitsa khanda. Anali mkulu wa mpingo, wamtali, wosaseka msanga. Khutu lawo lamanzere linafera mumgodi ku Kitwe kumene ankaboola miyala asanasamukire ku Ndola, ndipo lamanja linkamva mwa apo ndi apo. Ine ndinakulira m'nyumba mwawo, choncho ntchito yanga inali kuima pambali pawo n'kumabwereza mokweza zimene anthu anena.

Zinthu ziwiri sankazilola pakhomo pawo. Choyamba chinali mowa, chifukwa unatenga mng'ono wawo, a Yobe, amene ankagwira nawo ntchito mumgodi. Chachiwiri chinali kulavula. Mwana akalavula pabwalo, agogo ankamupatsa tsache kuti akwirirepo, n'kunena kuti, "Malovu ako ndi ako. Ukalavula pamaso pa munthu, wamuuza kuti ndi dothi."

Ndili mu Giredi 5, azakhali anga a Tamara, mwana womaliza wa agogo, amene ankagwira ntchito ya unesi ku South Africa, anapeza mwamuna wofuna kuwakwatira. Dzina lake anali Denzil. Anachita zonse mwa dongosolo, anatuma mkhalapakati kudzasiya mbale ziwiri zovundikirana monga timachitira kuno. Agogo anaziika pamwamba pa kabati osazivundukula, popeza kuvundukula ndiko kuvomera ukwati. Anali atamva kuti bambo ake a Denzil amagwira ntchito pafamu ya vinyo.

"Sindingapereke mwana kwa anthu amene sindinaone mmene amakhalira," anatero.

Azakhali anawayankha pafoni kuti popanda mawu a atate awo sadzakwatiwa, ndipo onse tinkadziwa kuti sakunama. Mbale zija zinakhala pakabati mpaka zinachita fumbi. Kenako, patchuthi cha Ogasiti, azakhali anatumiza matikiti awiri a ndege, la agogo ndi langa. Agogo aakazi anakana kukwera chinthu chopanda matayala pansi. Tinanyamuka Lachisanu, tikuyenera kubwerera Lolemba.

Azakhali ankakhala m'katauni kakang'ono ka m'mbali mwa nyanja yamchere, kutali pang'ono ndi Cape Town, kokhala ndi msewu umodzi waukulu, nyumba zoyera zamadenga ofupika ndi maboti opakidwa utoto wofiira ndi wabuluu atawakokera pamtunda. Loweruka m'mawa anatitengera kugombe. Kunkazizira kuposa Juni wa ku Ndola, mphepo ikununkha ngati thumba la kapenta longotsegula kumene, mafunde akugunda miyala ndi mkokomo umene ndinkaumva m'mimba, ndipo pamchenga panali zomera za m'madzi zakuda, zazitali ngati mapaipi, zimene ndinkaopa kuponda. Agogo anali atavala suti ndi tayi. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana kumene madzi akumana ndi thambo, kenako anati, "Ndiye kuti nyanja yathu ya Kariba ndi beseni."

Azakhali anaseka kwambiri, kuseka kwa munthu wamantha. Anatigulira nsomba ndi tchipisi zokulunga m'pepala, mbalame yoyera n'kundilanda tchipisi m'manja, agogo n'kuiopseza ndi chipewa.

Masana Denzil anabwera ndi galimoto kudzatitenga. Anali munthu waulemu, anawerama popereka moni ndi kuomba m'manja monga azakhali anamuphunzitsira, koma agogo anangogwedeza mutu. Tinasiya nyanja kumbuyo n'kulowa m'chigwa cha pakati pa mapiri, mmene mbali zonse ziwiri za msewu munali mizere ya timitengo tatifupi, takuda, topindika, topanda tsamba ndi limodzi lomwe.

"Minda yapsa iyi," agogo anatero. "Adya chiyani chaka chino?"

Denzil anafotokoza kuti imeneyo ndiye mipesa, kuti nthawi yozizira imayoyola masamba ndipo amaidulira dala. Ndinabwereza m'khutu mwa agogo.

Bambo ake a Denzil anatilandira pakhomo la nyumba yaikulu yosungiramo vinyo. Kumeneko akuluakulu amawatcha Oom, ndiye aliyense ankati Oom Klaas. Anali aafupi, a manja akuluakulu, atavala jekete la kutchalitchi ngakhale linali Loweruka. Famuyo sinali yawo. Anayamba kugwirapo ntchito ali mnyamata, ndipo tsopano ndi iwo ankayang'anira migolo. Anali atapempha eni ake kuti alandirire alendo awo m'katimo, chifukwa ndi mmene munali chonyadira chawo. Munali mdima ndi kuzizira, migolo yathabwa itasanjikizana mpaka kudenga, fungo lake ngati la chipatso chimene chapsa kwambiri pamodzi ndi la nkhuni zonyowa. Patebulo panali buledi, tchizi, matambula aatali miyendo ndi kachidebe konyezimira. Agogo ndi ine anatithirira madzi a mphesa, popeza azakhali anali atawauziratu kuti agogo samwa.

Titapemphera, Oom Klaas anati akufuna kuonetsa apongozi a mwana wawo ntchito ya manja awo. Anathira vinyo wofiira m'tambula, anamuzunguza, analowetsamo mphuno, anamwa pang'ono n'kumachukucha m'kamwa mwaphokoso. Kenako anakoka kachidebe kaja, kamene kanali pafupi ndi mbale ya agogo, n'kulavuliramo.

Ndinaona dzanja la agogo likusiya buledi. Oom Klaas sanaone kanthu, anali akulankhula za mvula ya chaka chimenecho. Anathira wa mumgolo wina, anachukuchanso, analavulanso, n'kumwetulira agogo.

"Taonga," agogo anandiitana, "chipewa changa."

Anaimirira, anakonza jekete, anatuluka osatsanzika. Ine ndinawatsatira nditanyamula chipewa. Galimoto inali kumanzere, msewu waukulu unali kutsogolo, koma iwo anakhota n'kukakhala pakhoma lalifupi lamiyala m'mphepete mwa munda.

"Tauluka mtunda wonsewu kuti adzatilavulire," anatero. "Mbale zija zibwerera Lachiwiri."

Azakhali anafika akuthamanga, anagwada pamiyala ndi diresi lawo latsopano. "Atate, sikunyoza. Ndi mmene amalawira vinyo kuno. Aliyense amatero."

"Aliyense amatero pamaso pa mlendo? Pafupi ndi chakudya chake?"

"Ndinaiwala kukuuzani, atate. Ndinazolowera kuona."

"Wazolowera zambiri," anatero agogo, n'kutembenuzira kwa azakhali khutu lakufa lija. Kwathu tonse tinkadziwa kuti akatero nkhani yatha. Azakhali anadzuka, anapukuta mawondo, anabwerera m'kati akulira chamumtima.

Tinakhala awiri. Mphepo inkaliza mawaya omangirako mipesa. Ndinkafuna kunena kanthu kothandiza azakhali, koma ndinali mwana, ndipo ineyonso zinali zitandinyansa.

Patapita kanthawi Oom Klaas anatuluka okha, kapu yawo ya kumutu ili m'manja. Anakhala pakhoma lomwelo, motalikirako. Chingerezi chawo chinali cholemera, chosiyana ndi cha aphunzitsi athu, moti ndinachita kutchera khutu kwambiri. Sanayambe ndi kupepesa. Analoza kumunsi kwa munda, kumene kunali mitengo ya bulugamu ndi timitanda toyera.

"Mwana wanga, auze agogo ako kuti bambo anga agona apo."

Ndinabwereza. Agogo sanatembenuke, koma sanandiletse.

Oom Klaas anati m'masiku a bambo awo, antchito a m'mafamu amenewa ankalandira gawo la malipiro awo ngati vinyo, m'kachitini, m'mawa, masana ndi poweruka. Munthu ankayamba kulandira kachitiniko asanamere ndevu. Bambo awo anali odziwa kudulira mipesa kuposa onse m'chigwamo, koma anamwalira asanachite imvi, manja akunjenjemera, osatha kugwira ndi supuni yomwe.

"Tsiku limene tinawaika ndinalonjeza Mulungu kuti chinthu chimenechi sichidzadutsanso pakhosi panga. Koma ntchito imene ndimadziwa ndi yomweyi. Ndimalawa tsiku lililonse, sindimeza. Chidebe chija ndiye mpanda wanga. Ndinkaganiza kuti bambo amene samwa akondwa kuona."

Pobwereza mawu amenewa ndinalakwitsa kangapo, ndinasakaniza Chinyanja ndi Chibemba, koma agogo anamva. Anatembenuka pang'onopang'ono mpaka khutu lamoyo linaloza kwa Oom Klaas.

"Afunse dzina la bambo awo."

"Hendrik."

"Wanga anali Yobe," agogo anatero m'Chingerezi chawo cha kumgodi, osadikira ine. "Mng'ono wanga. Tsiku lamalipiro bala ya mowa inali pageti la mgodi penipeni."

Ndinaganiza kuti zatha bwino, koma agogo sanali munthu wosiya funso m'thumba.

"Afunse kuti, ngati chinapha bambo awo, akuchipangiranji?"

Ndinachita manyazi kufunsa, koma ndinafunsa. Oom Klaas anazunguza kapu m'manja. Anati funso limenelo amadzifunsa okha kawirikawiri, ndipo alibe yankho lokoma. Migoloyo ndi imene inaphunzitsa Denzil sukulu, ndipo kachitini kaja sikadzabwereranso pafamupo iwo ali moyo.

Agogo anapumira m'mwamba. "Inenso ndinakumba mkuwa mpaka khutu kufa, koma mkuwawo sindinadyeko."

Nditabwereza, Oom Klaas anaseka mpaka kutsokomola, ndipo ndinaona pakamwa pa agogo pakugwedera. Agogo anaimirira, anasasa fumbi kumbuyo kwa thalauza, n'kuyamba okha kulowera kumigolo.

M'katimo azakhali ndi Denzil anaimirira ngati kwalowa ahedi. Agogo anakhala pamalo pawo n'kukankhira tambula yopanda kanthu kwa Oom Klaas.

"Atate," azakhali anatero motsitsa mawu, "simukukakamizidwa."

"Munthu akakuonetsa munda wake, umalowamo," agogo anayankha.

Oom Klaas anawathirira pang'ono. Agogo ananunkhiza monga anaonera, anamwa, n'kusunga m'kamwa. Masaya anatupa, maso anadzaza misozi. Oom Klaas anawakankhira kachidebe, koma agogo anayang'ana kachidebeko, anayang'ana anthu onse amene tinkawayang'anitsitsa, ndipo ndinadziwa kuti avutika. Kumeza sakanatha, kulavula pamaso pathu sakanathanso. Ananyamula kachidebe ndi manja awiri ngati mbale ya chopereka, anayenda mpaka kuseri kwa mgolo womaliza, anatifulatira, anaphimba nkhope ndi chipewa. Tinangomva kaphokoso kakang'ono.

Anabwerera akupukuta pakamwa ndi kansalu ka m'thumba. "Uwauze kuti akuwawa ngati mankhwala a malungo. Koma ndamva kuti munthu anaikapo mtima."

Oom Klaas anagwedeza mutu ngati alandira mendulo. Atafuna kulawa wa mumgolo wachitatu, ananyamula kachidebe nawonso n'kupita kuseri komwe kuja. Denzil anagwira pakamwa kuti asaseke, azakhali n'kumutsina.

Lamlungu tinapemphera kutchalitchi kwa Oom Klaas, masana tinabwereranso kugombe, madoda awiriwo akuyenda patsogolo, wamtali ndi wamfupi, akukuwirana m'makutu chifukwa cha mafunde. Sanandifunenso. Ndinatsalira m'mbuyo ndi azakhali tikutola zigoba.

Titafika ku Pamodzi, agogo asanavule ndi jekete lomwe, anatsitsa mbale zija n'kuzivundukula pamaso pa agogo aakazi. Nkhani ya chidebe inafalikira mumzere wonse wa nyumba, chifukwa ine sindinathe kuisunga. Bana Mwila, Mbemba wa nyumba yoyandikana nayo amene ankanyozana ndi agogo mwachimbuya, chibale cha nthabwala cha pakati pa mitundu yathu, tsiku ndi tsiku, anaima pampanda manja ali m'chiuno.

"Ba Shikulu, ndamva kuti munakwera ndege kukaphunzira kulavula. Mukanangobwera kwa ine, mukwai. Ife Abemba timadalitsa ana ndi malovu kuyambira kalekale, ndikanakuphunzitsani ulere."

"N'chifukwa chake ana anu amathawa mukawaitana," agogo anayankha.

Ukwati unachitikira kuno ku Ndola chaka chotsatira, ndipo Oom Klaas anabwera, anavina mpaka kapu kugwa kumutu. Agogo anatisiya ndili mu Giredi 10. Tsopano ndili mu Giredi 12, mayeso ali pafupi, ndipo azakhali alonjeza kuti ndikamaliza kulemba ndipite mu Disembala, nthawi imene akuti chigwa chonse chimakhala chobiriwira, mphesa zili lendelende. Ndikufunitsitsa kukaona, chifukwa m'mutu mwanga mipesa idakali timitengo takuda.

Koma chimene ndimaganizira kwambiri ndi khoma lija. Tsiku limenelo agogo anakwiya zenizeni, ndipo akanatha kukakhala m'galimoto n'kutseka chitseko, kapena kuyenda wapansi mpaka kumsewu. Anasankha malo amene munthu wotuluka pakhomo akanawaona. Sindikudziwa ngati anachita dala, sindinawafunse. Mwezi wathawu ndinayambana ndi mnzanga wapamtima kusukulu, ndinanyamula chikwama n'kutuluka m'kalasi mtima ukuwira, koma nditafika pamasitepe miyendo inakana kupitirira. Ndinakhala pomwepo, poonekera, mpaka ndinamva chitseko chikutseguka kumbuyo kwanga.