Tsiku Limene Ndinalondera Mikisa pa Ukwati

Chaka chimene tinavota kachiwiri chija, anyamata a kwathu ku Nkhulambe anayambitsa bandi. Anali ndi magitala awiri, ng'oma zachizungu zomangamanga ndi mawaya, ndi bokosi lakuda la mabatani ambirimbiri limene ankalitchula kuti mikisa. Mawu onse, a zoimbira ndi a anthu, ankayamba alowa m'bokosimo asanatulukire ku masipika.

Woimba wawo anali mwana wanga wamkazi wachitatu. Anali atangobwerako ku banja, khanda lili kumsana, nkhope ili pansi. Chimene chinamudzutsa pamphasa ndi bandiyo. Mawu ake anali okoma, koma aang'ono, osati okuwa ngati anga.

Tsiku lina mtsogoleri wa bandi, woimba gitala, anabwera pakhomo.

"Amayi, kawiri konse anthu adandaula kuti mwana wanuyu sakumveka. Loweruka lino kuli ukwati. Akapandanso kumveka, titenga mwana wa aphunzitsi aziimba m'malo mwake."

Ine ndinkadziwa kuti vuto si mwana wanga. Kawiri konseko ndinalipo, ndipo ndinaona ndi maso angawa. Mikisa ankaiika patebulo poteropo, kutsogolo kwa oimba, popanda woyang'anira. Aliyense wodutsa ankapotokola batani limene wakonda, mpaka mwana wanga ankangooneka kuyasamula ngati nsomba.

"Loweruka pabokosipo ndikhalapo ine," ndinatero.

Anaseka. "Amayi, mabatani aja analembedwa Chizungu."

"Ndati ndikawawerenge ngati? Iwe ukakonze mmene ukufunira, kenako undisiyire."

Loweruka masana anakonzadi, mwana wanga akuyesa mawu, mpaka anamveka bwinobwino pamwamba pa magitala. Ndinamasula mfundo ya chitenje changa n'kutulutsa kachidutswa ka makaka, chinangwa chouma chija chimalemba zoyera ngati choko. Batani lililonse ndinalilemba kamzere, kuchokera pabatanipo kutsikira pabokosi. Wina akapotokola, kamzere kankaduka pakati. Pamenepo sipafunika sukulu.

Woyamba kubwera anali malume a mkwati, atalawako kale.

"Kwezani, mayi! Amve mpaka kuphiri kuti mphwanga wakwatira!"

Ndisanayankhe, chala chinali chitafika. Ndinabweza batani pakamzere kake n'kuwauza kuti akuphiriwo akadafuna kumva akadabwera. Anabwereranso kachiwiri. Kachitatu ndinawamenya padzanja ndi chikupiziro changa cha mlaza, anthu n'kuseka, iwo n'kupita kukavina.

Koma panali bambo wina, kalaliki wa ku ofesi, wochokera boma lina, wovala tayi dzuwa lili pamutu. Jenereta imene inkapereka magetsi inali yake, anabwereketsa eni ukwati. Anafika manja ali m'matumba.

"Mayi, tasunthani pang'ono. Besi yachepa, masipika sakugunda. M'tauni sitiimba chonchi."

"Kuno si m'tauni, bwana."

"Inu makinawa mumawadziwa?"

"Sindiwadziwa. Ndimadziwa mawu a mwana wanga, ndipo panopa ndikuwamva."

Anapotokola mabatani atatu nthawi imodzi. Masipika anayamba kugunda ngati galimoto yatitimira m'matope, mwana wanga n'kumira. Ndinamuona akutembenukira kwa mtsogoleri uja, maso ali mwazimwazi. Ndinabweza onse atatu pamizere yake. Kenako ndinatenga lichero limene azimayi ankaolera mpunga woponyera akwati, ndinakhuthulira mpungawo m'beseni, n'kuvundikira bokosi lonse. Ndinatsamirapo ndi zigongono zonse ziwiri.

"Chotsani lichero limenelo."

"Sindichotsa."

"Mukudziwa kuti magetsi amenewa ndi anga? Ndikazimitsa."

Akazimitsa, ukwati wa eni wawonongeka, mlandu n'kukhala wanga. Koma ndikachotsa lichero, mwana wanga abwerera pamphasa paja. Ndinawayang'ana m'maso.

"Kazimitseni, bwana. Njira ndi iyo, kuseri kwa nkhokwe."

Anapitadi! Pakati penipeni pa nyimbo imene akwati ankavina, zonse zinangoti zii. Anthu anaima miyendo ili m'malere. Ine sindinadikire kuti afunse. Mulungu anandipatsa kukhosi kosafuna magetsi.

"Musayang'ane oimba! Azimitsa ndi bwana a tayi aja, akuti nyimbo zathu n'zakumudzi!"

Azimayi a kuchikazi anathamangira kuseri kwa nkhokwe, a kuchimuna pambuyo pawo. Mayi a mkwatibwi anafika atagwira m'chiuno.

"Tinakubwerekani jenereta kapena tinakubwerekani makutu? Yatsani mwana wanga amalize kuvina!"

Jenereta ija inali ndi khalidwe lake. Ikatentha, siinkalola kuyaka msanga. Bwana anakoka chingwe, anakokanso, thukuta lili kamukamu, tayi ataiponyera kumsana, azimayi akuwaimbira m'manja pa kukoka kulikonse ngati akuvina. Pomwe inkalira, analibenso mphamvu yobwerera kwa ine. Anakakhala pampando wawo n'kupempha madzi.

Nyimbo inayambanso poyambirira. Mwana wanga anaimba ya Chilomwe yotsanzikana ndi mkwatibwi, liwu lililonse likumveka mpaka kwa amene ankaphika kuseri. Ndinaona agogo a mkwatibwi akupukuta misozi ndi duku. Ine sindinasunthe. Ngakhale chakudya anachita kundibweretsera pomwepo, ndinadya ndi dzanja limodzi.

Dzuwa litapendeka, akulongedza zida, mtsogoleri uja anabwera akukanda m'mutu.

"Amayi, Loweruka linalo tili ndi ukwati wina ku Chiwalo. Mwana wanu aimba. Koma kodi inuyo mungakwere njinga mtunda wonsewo?"

"Wopalasa akhale wamphamvu," ndinatero, "ine sindine wopepuka."

Za mwana wa aphunzitsi sanazitchulenso. Wanga anaimba m'bandiyo zaka zinayi, mpaka anyamatawo anabalalika kukafuna ntchito.