Batani lobwezera linalibe

Pali chinthu chimene sindinauzepo munthu, ngakhale bambo a mwana wanga. Ntchito ya amayi ndinaithetsa ndine, ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri.

Amayi ankatayipa pa sukulu ina ya mishoni ku Msakambewa. Makina awo anali obiriwira, olemera ngati mphero, ndipo mzere ukatha kabelu kankalira. Kabeluko ndi kamene kanandikopa.

Chilimwe chimenecho kunkabwera mlendo wamkulu wachipani. Aphunzitsi aakulu anapatsa amayi mawu omulandirira kuti atayipe pa stensulo, pepala laphula lija losindikizira makope ambiri. Amayi atapita kukamwa madzi ndinakwera pampando, ndinapukusa pepala kufika pamwamba, n'kumenya batani limodzi mpaka kabelu kulira. Zitsulo za zilembo zinakolana, ndinazikolola ndi zala. Pepala ndinalibwezera pomwe linali.

Pa phula zilembo sizioneka bwino. Zinaoneka pa makope, ali kale m'manja mwa anthu: dzina la mtsogoleri wa dziko litakhwatchidwa kuyambira uku mpaka uko.

Asanafike anyamata achipani a malaya ofiira, amayi anandikokera kuseri kwa ofesi, nandikwecha zala ndi sopo ndi mchenga mpaka ndinalira. Kwa aphunzitsi anangoti, “Ndi manja angawa, bambo. Ndinatopa.” Anyamatawo anatengera amayi kuboma. Anabwerako patapita masiku, milomo itasweka, ndipo tinasamukira kwa amalume ku Bowe kukasankha fodya.

Lero ndili ndi satifiketi ya kompyuta. Makina anga amandifunsa kawiri ndisanafufute kanthu, ndipo ndikalakwitsa pali batani lobwezera. Komabe ndimasunga fayilo mzere uliwonse, anzanga ku ofesi mpaka kundiseka.

Dzana mwana wanga wa zaka zinayi anakwera pampando wanga n'kufufuta tsamba lonse. Ndinamumenya padzanja mwamphamvu. Tsamba linabwerera nditangodina kamodzi, koma kadzanja kanali kotupa mpaka madzulo. “Amama, ndimafuna ndikuthandizeni,” anatero. Inu amayi anzanga, ndiuzeni, kodi pamenepa ndinkamenya ndani?

Amayi alipo, akulimabe ku Bowe. Zaka zonsezi ndakhala chete poganiza kuti ndikuwabisira. Kodi ndinachita bwino? Tsiku lija kuseri kwa ofesi ndinkangoona ngati akundilanga chifukwa cha uve. Sindinadziwe kuti zala zanga zinali zakuda ndi inki, ndipo anyamata aja anali atatulukira kale pa mseu.