Nyanja ya Govardhan Negi

Govardhan Negi anagwira ntchito kwa asilikali a pamadzi moyo wake wonse, koma nyanja sanaionepo ndi diso lake. Musaseke ayi, mlandu si wake. Likulu la asilikaliwo analimanga mumzinda wa boma, pakatikati pa mtunda, kumene mphepo ya nyengo yotentha imabwera ndi fumbi lokhalokha. Nangula analipo ndithu, chinangula chachikulu chopaka penti yakuda, koma chitagona pa kapinga pafupi ndi chipata. Belu la m'sitima linaliponso, lolendewera pakhonde. Chosowa chinali madzi basi.

Mkuluyu anabadwira kumapiri a Garhwal, ndipo anatsikira kumzinda ndevu zisanamere. Anayamba ndi kutsuka magalimoto a boma, mpaka wina anamumvera chisoni n'kumuphunzitsa chiwongolero. Nawonso madalaivala ali ndi makwerero awo. Iye anachoka pa lole ya ndiwo kupita pa basi ya ana a sukulu, kenako pa galimoto ya makaputeni, ndipo imvi zitayamba anafika pa magalimoto a nyenyezi.

Galimoto ya bwana wamkulu imakhala ndi kachitsulo kabuluu kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo pa kachitsuloko pamakhala nyenyezi zolingana ndi udindo wa mwiniwake. Bwana akakhala mkati, nyenyezi zimakhala poyera, alonda amachita sawatcha. Akangotsika, dalaivala amaziveka kathumba kachikopa, kuti anthu asamalemekeze mpando wopanda munthu. Govardhan ankachita zimenezi modekha ngati akufunditsa khanda, ndipo sanaiwalepo n'kamodzi komwe.

Amene anamutengera mtima kunyanja ndi Bwana Mathen, mwana wa kugombe la Kerala, yemwe anabwera kulikulu ali ndi nyenyezi imodzi ndi nkhope ya munthu amene amulanda kanthu. Ofesi ankadana nayo koopsa. Magalimoto akathithikana pamsewu, iwo ankavula chipewa n'kuyamba kulankhula ndi khosi la dalaivala wawo.

"Negi, iwe nyanja unaionapo?"

"Pa kalendala, Bwana."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Pa kalendala! Munthu wa asilikali a pamadzi! Tamvera kuno. Akadzandipatsa nyenyezi yachitatu adzanditumiza kugombe kukalamulira zombo. Ndidzakutenga. Osati kukaima pamchenga n'kumatafuna mtedza ngati mlendo ayi. Udzalowa padoko ndi galimoto, udzakwera sitima yanga, ndipo tidzapita mpaka mtunda usowe."

Mawu a mabwana ambiri ndi ongotayitsa nthawi pamsewu, koma awa anamera mizu. Kuyambira tsiku limenelo Govardhan ankafunsa, bwana ankayankha. Anamva za nsomba zouluka zimene zimagwera m'sitima m'mamawa, za mvula imene umaiona ikuyenda patali ngati munthu wovala nsalu yotuwa, za madzi amene amasintha mtundu kangapo dzuwa lisanafike paliwombo. Masana akutentha, akamadikira bwana pansi pa mtengo wa nimu, ankatsamira mpando n'kumayang'ana msewu wautali wopita kuchipata. Kumapeto kwake tara ankanyezimira, n'kuoneka ngati dziwe likugwedezeka. Madzi abodza amenewo ankawadziwa bwino, anali atawathamangitsa ndi galimoto zaka zonsezi osawapeza, koma tsopano ankawalola kuti akule, amize chipata, amize nangula uja, afike mpaka pa matayala. Ankadzidzimuka belu likalira.

Anzake pa kanyumba ka tiyi anamupatsa dzina loti Kaputeni wa Pamtunda. Wovuta kwambiri anali Farid, dalaivala wamng'ono kwa iye, wakamwa losapsa.

"A Kaputeni, lero mafunde ali bwanji kuseri kwa garaja? Tiwapatse ndowa asanze, anthuni, ayamba chizungulire!"

"Iwe Farid, imwa tiyi wakoyo. Ndikadzapita ndidzakutumizira nkhanu, mukufanana kayendedwe."

Kunyumba nakonso kunalibe mtendere. Mkazi wake Darshani, mayi wamfupi wa manja olimba, ankamuyankha akupima ufa wa chapati osatembenuka n'komwe.

"Bambo a Mina, sitima ya pamtunda yopita ku Bombay, kugombe la nyanja, imanyamuka tsiku lililonse. Anthu ogulitsa anyezi anaiona kalekale nyanja yanuyo. Inu mukudikira nyenyezi ya munthu wina? Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

"Mayi a Mina, inu simungamve. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndidzalowa nyenyezi zili poyera, alonda atanjanja."

"Adzanjanjira inu kapena galimoto?"

Chilungamo chake, tchuthi cha Govardhan chinali ndi eni ake. Chaka china kunali kukolola kumapiri, china maliro a mayi ake, china denga lagwa ndi matalala, kenako ukwati wa mwana wawo Mina umene unameza zaka ziwiri. Nyanja ndiyo inali yosathawa, choncho inkadikira.

Nyenyezi yachiwiri itabwera, Govardhan anamanga yekha kachitsulo katsopano. Yatsala imodzi! Koma kumwamba kwa makwerero amenewo n'kothina, mipando ndi yochepa, oidikira ndi ambiri. Zaka zinapita, Bwana Mathen akusuntha kuchoka ofesi iyi kupita ofesi iyo, ndipo Govardhan anazindikira kuti nayenso zaka zake zopumira pantchito zatsala pang'ono kukwana. Nyenyeziyo ikachedwanso chaka chimodzi, idzapeza wina pachiwongolero.

Ndiye kunamveka kuti mkulu wa zombo kugombe akupuma, mpando ukusowa munthu. Likulu lonse linkanong'ona dzina limodzi. Ophika ankati ndi Mathen, ometa ankati ndi Mathen, ndipo ometa salakwitsa kawirikawiri. Govardhan ankayenda ngati sakuponda pansi. Tsiku lina anapeza bokosi lachitsulo, limene Darshani anabwera nalo pa ukwati wawo, litatulutsidwa kunsi kwa bedi. Atafunsa, mayiyo anayankha mwaukali kuti akusaka mphemvu.

Nkhani za maudindo zimafika kugaraja zisanafike kwa eni ake. M'mawa wina Govardhan analowa n'kupeza Farid atakhala pa tayala, akupukuta kachitsulo katsopano ka nyenyezi zitatu. Bwana wa Farid anali wamng'ono kwa Bwana Mathen, mnyamata amene iwo anamuphunzitsa okha kuimika sitima padoko. Farid anadzuka, nabisa kachitsuloko kumbuyo ngati waba.

"Achimwene," anatero, mawu ali pansi, "angondipatsa kusitolo. Ine sindinapemphe."

Lija linali tsiku loyamba kuti asamutchule Kaputeni, ndipo zinamupweteka Govardhan kuposa chipongwe chonse cha zaka zija.

Pakati pa akuluakulu amenewa pali mwambo wosalembedwa. Wamng'ono akakudumpha, sudikira kuti uzimuchitira sawatcha m'khonde. Umavula yunifolomu mwaulemu n'kupita kwanu. Bwana Mathen anachita chomwecho. Sabata zotsalazo ankakhala kumbuyo osavula chipewa, ndipo za nsomba zouluka sizinatchulidwenso. Govardhan anali ndi chisoni chachikulu, cha bwana wake ndi chake chomwe, ndipo sankadziwa kuti cholemera n'chiti.

Tsiku lotsanzikana linacha ndi dzuwa loswa mtengo. Bwana wamkulu akamachoka, satuluka ndi injini. Amamukweza pa jipi yosafolera yokongoletsedwa ndi maluwa, amamanga zingwe ziwiri zoyera kutsogolo, ndipo maofesala onse, makaputeni ndi a nyenyezi omwe, amagwira zingwezo n'kumukoka mpaka kuchipata. Koma jipi, ngakhale yozima, imafuna wogwira chiwongolero. Bwana Mathen anakana msilikali amene anamusankha. Anati akufuna Negi.

Govardhan anakhala pampando, navula tumatumba pa nyenyezi ziwiri zija, nadikira. Belu linalira. Zingwe zinakungika, ndipo jipi inasuntha popanda phokoso lililonse, yokhayokha, ngati yanyamulidwa. Moyo wake wonse anali asanayendepo pagalimoto yopanda kulira kwa injini kumapazi. Kutsogolo kwake kunali misana yoyera yokhayokha, mizere iwiri, ikuwerama n'kudzuka, kuwerama n'kudzuka, ndipo akakoka jipi inkapita, akapuma inkabwerera pang'ono. Kupitirira misanayo, tara anali atasungunuka kale kukhala madzi, ndipo lero madziwo sankathawa msanga, chifukwa ankawayendera pang'onopang'ono.

Dzanja linagwira phewa lake. Bwana Mathen, amene anaimirira kumbuyo akugwedezera anthu, anawerama.

"Negi, ukumva? Zimakhala chonchi. Sitima ikamachoka padoko sumva kanthu. Umangoona mtunda ndi umene ukuchoka."

Govardhan anayang'ana kumbali. Zoonadi! Khonde lija linali kutsetsereka chobwerera, mtengo wa nimu ukupita, garaja likupita, Farid ataima chilili ndi chipewa pamtima nayenso akupita.

"Ndakunamiza, mkulu wanga," anatero bwana. "Sitima imene ndatha kukupatsa ndi yomweyi. Tseka maso pang'ono."

"Nanga awongole ndani, Bwana?"

"Akukukoka a nyenyezi, iwe! Akakugwetsera m'ngalande mlandu ndi wawo."

Anatseka. Mphepo yotentha inamupita kumaso, mpando unatsika n'kukwera, zingwe zinalira ngati mmene bwana ankanenera kuti zimalirira, ndipo kutali gulu la malipenga linkamveka ngati lili kutsidya kwa madzi. Sanadziwe kuti papita nthawi yaitali bwanji. Atatsegula maso anali pachipata, pafupi ndi chinangula chija, zingwe zili pansi, maofesala akupukuta thukuta. Bwana Mathen anatsika, namugwira dzanja ndi manja onse awiri, nalowa m'kagalimoto kakang'ono ka mkamwini wawo. Govardhan anatenga tumatumba tuja n'kufunditsa nyenyezi kotsiriza.

Madzulo anafika kunyumba akuyenda motangadza miyendo, akupendekera uku ndi uku. Anapeza Darshani atagwada pambali pa bokosi lija, chivundikiro chili chotsegula, akutulutsa zinthu. Munali malaya abwino a Govardhan atasitidwa, ambulera, botolo la achali ya mango, ndi nsalu yovala amayi ya sari, yatsopano yabuluu, imene iye anali asanaionepo. Mphemvu munalibe ngakhale imodzi.

"Mwamwa?" anafunsa mayiyo, akubisa sariyo pansi pa bondo.

"Ayi. Ndangotsika kumene m'sitima."

Darshani anamuyang'ana nthawi yaitali. Govardhan anagwada naye, nasolola sari ija, naipinda bwinobwino n'kuibwezera m'bokosi.

"Mayi a Mina, munati ya ku Bombay imanyamuka tsiku lililonse?"

"Tsiku lililonse. Koma ilibe nyenyezi, ndipo palibe adzakuchitireni sawatcha."

"Za nyenyezi ndathana nazo lero. Kwatsala madziwo." Anabwezeranso botolo la achali. "Ndipo mtedza tikagule wambiri, tikatafune pamchenga."