Tsiku limene ndinamenya dzanja la a Chikopa

Ntchito ya gasi ndinaipeza ndikudya chipisi pa nthawi yopuma ku weyahausi ina ku Coventry. Digiri ndinali nayo, koma tsiku lililonse ndinkangonyamula makatoni. Mnzanga Misozi, wa ku Chipata, anandionetsa pafoni kuti kampani ina ikufuna anthu oti iwaphunzitse kuthamangira nyumba zimene gasi akutuluka.

"Iwe umakonda kumasulamasula zinthu. Kayese," anatero.

Patatha miyezi iwiri ndinavala ovolosi ndi jombo zachitsulo kutsogolo. Ndinadzijambula n'kutumizira amayi ku Dedza. Anayankha kuti, "Mwana wamkazi ndi sipanala? Chabwino, bola usapse."

Wondiphunzitsa anali Gary, mzungu wachikulire wa ku Bilston, amene Chingerezi chake chinanditengera mwezi wathunthu kuti ndizichimva. Zida zathu zinali zitatu makamaka: kamakina konunkhiza, kamene kamalira kakamva gasi mumpweya, geji yolumikiza pa mita, yoonera ngati mapaipi akutaya, ndi botolo la madzi a thovu lopopera pamalo olumikizira. Pamene pakutuluka gasi, thovu limafufuma. Tsiku limene ndinaliona koyamba likufufuma ndinakuwa ngati ndatola golide, Gary mpaka misozi kuseka. Koma pa malamulo sankaseka. Ukamva fungo, usakhudze swichi ya magetsi, kaya kuyatsa kaya kuzimitsa. Tsegula zitseko ndi mazenera, tseka gasi pa mita, tulutsa anthu, foni ukaimbire panja.

Nyengo yozizira yanga yoyamba pa ntchitoyi kunagwa sinowo wambiri, mphepo ikugwetsa mipanda. Tsiku lina masana anatitumiza ku Wolverhampton, kunyumba ina ya mdadada. Gary anandipatsa kamakina kaja n'kunena kuti, "Lero utsogolere ndiwe. Ine ndingoyang'ana."

Chitseko chitatseguka, ndinaona nkhope yodziwika: a Chikopa, mkulu wa mpingo umene ndimapempherako. Kumbuyo kwawo kunali akazi awo, atafunda bulangete. Mayiwo ndi amene anaimba foni.

"Aa, si Tadala uyu? Lowa, mwana wanga!" anatero a Chikopa. " Mayi akowa angochita mantha, si kanthu."

Ndisanayankhe moni, kamakina kanayamba kulira. Fungo linali lamphamvu. Mukhonde munali mdima chifukwa cha mitambo, ndipo a Chikopa, pofuna kulandira bwino mlendo, anatambasula dzanja kuti ayatse getsi.

Sindinaganize. Ndinalimenya dzanjalo, phaa!

Ine, mwana wa dzulodzuloli, kumenya mkulu wa mpingo m'nyumba mwake!

"Pepani bambo, tikambirana. Panopa tulukani nonse. Musakhudze chilichonse."

Anatuluka, ali ndi masilipasi okha pa sinowo. Gary anawalowetsa m'vani muli hita. Ine ndinathamangira pa mita, n'kutembenuza chogwirira mpaka chinapingasa paipi, kenako ndinatsegula mazenera onse. Kukhitchini ndinapeza nkhani yonse. Boila, makina ofunditsa nyumba yonse, inali itazima m'mawa, ndiye pothawa kuzizira anakokera chitofu pakati pa chipinda, n'kumachiyatsa kuti awothe. Mabowo olowetsa mpweya anali atawatseka ndi zitenje. Fungo litayamba, mayi anazimitsa chitofucho, koma silinathe.

Mpweya utayera ndinalumikiza geji. Inatsika msanga. Ndinatsegulako gasi pang'ono, n'kupopera thovu pa paipi yofewa ya kuseri kwa chitofu. Linafufuma ngati mowa wamasese! Paipiyo inali itang'ambika pokokedwa paja. Ndinatembenukira Gary, mano onse panja. Anangokweza chala chachikulu.

Chovuta chinali chisanathe. Nditawauza kuti chitofu ndichidula, asachigwiritsenso ntchito mpaka mwini nyumba atumize wokonza, a Chikopa anandiitanira pambali.

"Mwana wanga, ndife amodzi. Ungomangapo tepi. Landilodi wathu ndi wovuta, ndipo kuzizira uku tifa nako."

Kukana munthu wamkulu, m'chilankhulo chathu, akukuyang'ana m'maso, n'kolemera kuposa bokosi la zida. Gary sankamva chilankhulocho, ndipo sanabwere kudzandithandiza.

"Bambo, tepi sigwira gasi. Ndikakumverani lero, Lamlungu tidzakhala tikuimba nyimbo za maliro. Ndiloleni ndione kaye boila."

Ndinatseka paipi ya chitofu ndi chotsekera chachitsulo, n'kumatapo chikwangwani chochenjeza. Ndinayezanso: geji inaima nji, osasuntha. Kenako ndinazungulira kuseri kwa nyumba. Kapaipi kapulasitiki kotayira madzi a boila kanali kataundana, n'chifukwa chake inazima. Ndinachotsa sinowo amene anaunjikana potulukira utsi, ndipo Gary anabweretsa madzi ofunda, osati owira, tikuthira pang'onopang'ono. Tinamva kuti tswee, madzi n'kuyamba kudontha. Nditatsegulanso gasi n'kudina batani, boila inadzuka ndi mkokomo.

Mayi Chikopa anagwira paipi ya hita, naimva ikufunda, n'kuyamba kululutira pakati pa nyumba. Gary anadzidzimuka, kuganiza kuti kwaonekanso ngozi! Zitenje zija tinazichotsa m'mabowo, ndipo ndinawaonetsa onse awiri chogwirira cha pa mita, aliyense anayesa kuchitembenuza yekha.

Potuluka ndinapepesanso za dzanja lija. A Chikopa analiyang'ana, nati, "Lapola. Koma uli ndi mphamvu, iwe."

M'vani Gary anandifunsa zimene bambowo ankapempha. Nditamuuza, anati, "Ukanavomera, mawa ukanabweza ovolosi."

Panopa ndimayenda ndekha, ndipo ndalowa m'nyumba zambiri za anthu akwathu. Ndimapereka moni wonse, ndimafunsa za kumudzi, tiyi ndimamwa. Koma zonsezo zimabwera kamakina kakakhala chete. Kakamalira, ulemu wanga ndi kukutulutsani panja muli moyo.