Tsiku limene Mayi Muhiwa anakwera lole

M'mawa uliwonse Mayi Eliness Muhiwa amatenga ndowa yawo yobiriwira n'kutsikira ku kiyosiki ya madzi kumunsi kwa msika wa Bangwe. Kunyumba kwawo mpopi ulipo, koma pampopi wa m'nyumba sipamveka nkhani. Pamzere wa ku kiyosiki m'pamene amamvera za mwana amene wasiya sukulu, kapena mayi amene wadzuka ndi diso lotupa.

Anaphunzira za kakhalidwe ka anthu ku yunivesite, ndipo anagwira ntchito mu ofesi yosamalira anthu zaka makumi atatu. Anzawo a m'kalasi ena anapita kunja, ena ndi mapulofesa. Iwo ntchito anapuma, koma miyendo yawo sinamve za kupumako.

Loweruka lina bungwe la akatswiri anzawo linakonza zowalemekeza ku hotelo ina m'tauni. Diresi anali atasita kale dzulo lake. Komabe anayamba apita kaye ku kiyosiki.

"Amayi, mwamva za kwa Petronela?" anafunsa Annie, wogulitsa madzi. "Alamu ake afika dzulo kuchokera ku Phalombe. Akuti lole ikubwera thu koloko."

"Chiikireni maliro a mwamuna wake sipanathe ndi milungu iwiri yomwe."

"Akuti katundu yense ndi wa m'bale wawo. Ndi makina osokera omwe."

Makinawo Mayi Muhiwa ankawadziwa. Petronela amasoka mayunifomu pakhonde, ndipo ana ake atatu amadya chifukwa cha makinawo. Anaganiza pang'ono: mwambo uyamba teni koloko, utha masana.

"Ukamuuze kuti wani koloko ndifika."

Ku hotelo anawakhazika kutsogolo pamodzi ndi anzawo anayi olandira ulemu. Teni inakwana, leveni inadutsa. Mlendo wolemekezeka anali asanafike, ndipo mwambo sukanayamba iye asanakhale pampando wake. Mayi Muhiwa anamwa madzi, anatuluka, anabwerera, anayang'ana foni, anaibweza m'chikwama, anaitulutsanso.

"A Eliness, pampandopo pali nsikidzi?" ananong'ona Pulofesa Herbert Chikopa, mnzawo wa m'kalasi. "Mayeso tinamaliza kalekale, mukunjenjemera chiyani?"

"Akuluakulu anuwa akubwera wapansi?"

Mlendoyo anafika itadutsa twelofu. Aliyense woyankhula ankayamba ndi kutchula olemekezeka onse mmodzimmodzi, dzina ndi udindo, ngakhale kuti mnzake anali atangowatchula kumene. Wachitatu anayankhula mokoma za amayi amasiye olandidwa katundu, ndipo anthu anawomba m'manja. Mayi Muhiwa sanawombe. Wani koloko inali itapita.

Anadzuka atawerama, manja atagwirana, ngati munthu wopita kokadzithandiza.

"Dzina lanu lili pafupi!" anatero a Chikopa.

"Mundilandirire. Akafunsa, muwauze kuti ndapita kuntchito."

Minibasi inawatsitsa ku Limbe. Ya ku Bangwe inali ndi anthu atatu okha, kondakitala akukuwa kuti watsala munthu mmodzi. Sanadikire. Anakwinya diresi, anakwera kabaza wa njinga yamoto, namuuza kuti maenje asawaope.

Anapeza lole itaima pakhomo, injini ikulira. Pamwamba panali sofa, matiresi, firiji, ndi makina aja atamangidwa ndi chingwe. Petronela anali atakhala pansi pakhonde, misozi itamuthera. Anthu oyandikana nawo anaima patali, poti nkhani ya pabanja munthu wapadera salowerera.

"Zikomo, azibambo," anatero Mayi Muhiwa.

Anavula nsapato, anaponda tayala, anagwira chitsulo n'kudzikoka mpaka pamwamba. Bondo linawawa, koma anakhala pasofa, dzanja limodzi pa makina, linalo likutulutsa kope m'chikwama.

Mlamu wamkulu, a Luckson, anatuluka m'nyumba atanyamula mpando. "Mayi, mukutani pamenepo? Tsikani, izi ndi za pabanja."

"Ndipita nawo ku Phalombe, bambo. Chaka chino sindinafikeko. Dzina lanu ndani? Ndilemberetu, kuti kukhoti tisakavutike."

"Katunduyu ndi wa achimwene anga!"

"Makinawa achimwene anu ankasokera chiyani? Makabudula?"

Wina anaseka kuseri kwa mpanda, kenako anaseka ambiri. A Luckson anauza ang'ono awo awiri kuti awatsitse. Awiriwo anayang'anana. Kugwira mayi wa imvi, wovala ngati akupita ku ukwati, anthu onse akuona? Palibe amene anasuntha.

Annie anabwera n'kukhala pansi kutsogolo kwa lole. Amayi ena a ku kiyosiki anamutsatira, ena ndi ndowa zawo zomwe.

Dalaivala anazimitsa injini. "Bwana, ine tinagwirizana za katundu, osati za agogo. Nambala ya galimoto yanga alembanso kale. Tsitsani zinthu zanu."

Mayi Muhiwa sanatsike mpaka makina atabwerera pakhonde. Sofa inali yomaliza, poti inadikira kuti iwo adzukepo. Alamu aja ananyamuka akung'ung'udza kuti adzabweranso.

"Tsikulo mudzandipeza," anawayankha, akuvala nsapato.

Petronela anagwada n'kuwagwira dzanja. "Zikomo, amayi." Kenako anawonjezera: "Koma njinga ndi wailesi zapita. Wina watsogola nazo itangodutsa wani koloko. Ndimangoyang'ana kumsewu kuti mwina mufika."

Sanawadzudzule, anangonena. Mawuwo anawatsata Mayi Muhiwa mpaka kunyumba.

Dzuwa likulowa, a Chikopa anafika ndi chishango chagalasi cholembedwa dzina lawo. Anati atatchula dzinalo anthu anaimirira, kenako anayamba kufunsana kuti mwini wake ali kuti. Mayi Muhiwa anachitembenuza kawiri, anathokoza, anachiika pamwamba pa kabati pafupi ndi thamosi. Tiyi anawapatsa a Chikopa, koma eni nyumbawo sanakhale pansi.

M'mawa mwake, belu la tchalitchi lisanalire, anatenga ndowa yobiriwira, anaponyamo kope, n'kutsikira ku kiyosiki akutsimphina.

"Annie," anatero asanaime n'komwe pamzere, "njinga ija, ndani anaiona ikutuluka? Inalowera msewu uti?"