Tsiku Limene Ndinakana Amayi Pamzere

Chaka chimene ndinayamba sukulu ya mishoni kumunsi kwa minda ya tiyi, amayi ndiwo anandiperekeza. Analolera kukakalipiridwa ndi kapitawo chifukwa chochedwa, dengu lothyolera tiyi lili kale kumsana.

Aphunzitsi atafunsa dzina langa kuti alembe, amayi anayankha m'Chilomwe, poti Chinyanja ankachimva koma chinkawavuta kuyankhula. Ana amene anali pamzere anaseka mpaka kugwirana mapewa.

"Kodi awa ndi amayi ako?" anandifunsa aphunzitsi.

Ine, kamtsikana kamamina kopanda ndi sileti yomwe, ndinayang'ana pansi n'kuti, "Iyayi, ndi anansi athu chabe."

Amayi sanatsutse. Anawerama, nandimanga bwino nsalu yanga imene inkamasuka, n'kumapita kuntchito.

Tsiku limenelo sindinagwire chilembo n'chimodzi chomwe. Madzulo ndinakhala pakhonde kudikira ndodo. Amayi atafika anatula dengu n'kukhala pambali panga.

"Mwaswera bwanji, achinansi?" anatero m'Chinyanja chawo chothyokathyoka, akumwetulira. "Tiphunzitseniko zimene mwaphunzira."

Ndinabisa nkhope pamiyendo pawo n'kulira. Kupepesa kwenikweni sindinapepese mpaka anamwalira, ndipo iwo sanaitchulenso nkhaniyo.